Fungo la Munda wa Pamwamba

Otaru, 9 Disembala 1996

Achimwene Tokuji,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Katsunuma, inuyo ndi mpongozi wanu Sanae. Nanga mwamuna wake, mwana wanu Noboru, akumabwerabe kumapeto kwa mwezi, kapena ntchito ya ku Nagoya yamumeza? Kuno chipale chofewa chayamba kale kutitsekera pakhomo. M'mawa uliwonse ndimayamba ndakumba njira ndisanatsegule kanyumba kanga kogulitsiramo zakudya, ndipo msana sukulephera kundikumbutsa kuti ndili ndi zaka 64.

Mabotolo akuluakulu awiri aja afika Lachinayi osasweka. Zikomo. Koma ndisakunamizeni, ndinawalandira monga ndimalandirira chaka ndi chaka. Inu mukumudziwa vinyo woyera wa kwathu. Amalowa mwaulemu, kukhala pakona, n'kutuluka osatsanzika. Zaka makumi anayi ndakhala ndikumumwa chifukwa choti ndi wa kwathu basi.

Ndiye Loweruka ndinatsegula botolo limene munalembapo kuti "pamwamba". Ndisanathire n'komwe m'kapu, fungo linali litandipeza kale. Achimwene, yuzu, kandimu kaja konunkhira! Ngati munthu wakanda khoko lake ndi chikhadabo pafupi ndi mphuno yako. Maonekedwe ndi omwe aja, oyera ngati madzi, kachikasu kapatalipatali. Koma pakamwa ayi. Akuyamba ndi kuwawasa kodula ludzu, kenako kakomedwe ka pichesi losapsetsa, ndipo pomaliza kakuwawa kaja ka khungu la mphesa zathu, kochepa, kongokuuza kuti ndine mwana wa ku Katsunuma ndithu. Ndinakhala pansi m'khitchini, kapu ili m'manja, mpunga n'kupserera.

Madzulo ake ndinathirirako a Kudo, msodzi wokalamba amene amati vinyo ndi madzi a anthu a ku Tokyo. Anadyera nsomba yaiwisi. Anangokankha kapu kuti ndiwonjezere, kachiwiri, kachitatu, mpaka ndinabisa botolo kuseri kwa thumba la mpunga.

Tsono tandiuzani, munatani? Munda wa pamwamba ine ndimaudziwa. Masitepe 143 aja ndinawakwera ndi dengu kumsana kuyambira ndili kamtsikana, ndipo mphesa zake sizinanunkhirepo chonchi, ngakhale m'masiku a bambo athu. Musandibisire, ine si wopikisana nanu. Ndipo munditumizire mabotolo ena atatu. Ine ndakutumizirani mazira a nsomba a pa chaka chatsopano. Musadye nokha.

Mlongo wanu,
Kinue

Katsunuma, 21 Disembala 1996

Kinue,

Tili bwino. Kalata yako yafika, mazira a nsomba afikanso.

Wafunsa zambiri. Mphesa ndi mphesa. Za pamwamba chaka chino zinathyoledwa msanga, kutatsala milungu iwiri kuti anzathu ayambe, ndiye ku nyumba yofinyira ya mudzi anazipatsa kathanki kakang'ono pazokha. Nkhani yonse ndi imeneyo. Ndinatungamo mabotolo asanu ndi limodzi okha. Wotsalayo a Mochizuki, amene akuyang'anira nyumbayo masiku ano, akuti agone pa nsenga zake mpaka mu Malichi kuti akhwime. Mabotolo atatu sindikupatsa. Ndikutumizira limodzi, ndipo msodzi wakoyo umuuze kuti abwerere ku mowa wake wa mpunga.

Tayamba kudulira. Mphepo yotsika m'phiri ikuluma makutu, koma kukuwala bwino. Sanae amagwira ntchito. Msuzi amathira mchere wochepa, koma ndazolowera.

Iwe ukukalamba. Wayamba kumva fungo la zinthu zimene kulibe.

Tokuji

Katsunuma, 17 Januwale 1997

Azakhali okondedwa,

Landirani moni wa chaka chatsopano, ngakhale ndachedwa nawo. Ndine Sanae. Aka n'koyamba kukulemberani pandekha, choncho mundikhululukire ngati penapake ndaphonya ulemu. Abambo ali bwino. Mazira a nsomba aja anawamaliza m'masiku atatu, kwinaku akudandaula kuti achuluka mchere. A Noboru anabwera masiku anayi n'kubwerera kuntchito.

Azakhali, ndili ndi funso limene ndalisunga milungu iwiri. Kodi pa khadi la chaka chatsopano limene munatumizira a Yaeko, akazi awo a a Mochizuki, munalembapo chiyani za ine?

Ndikufunsa chifukwa kuno kwasintha. Pa 5 ndinapita kusitolo kukagula tofu, chakudya choyera chija cha soya. Amayi atatu amene ndinawapeza anayang'anizana. Kenako mmodzi anati, "Mtengwa wa kwa a Tokuji, kwanu ku Kochi paja yuzu mumaika m'chilichonse, eti?" Ine posadziwa kanthu ndinaseka, ndinati inde, mu nsomba, mu msuzi, paliponse. Iwo anatembenukira anzawo. "Mwamva? Wavomera yekha."

Patapita masiku awiri kunabwera a Mochizuki atavala jekete lawo la kumisonkhano. Tiyi anakana.

"A Tokuji," anatero, "ine vinyo ndamununkhiza zaka makumi atatu. Mphesa zathu sizinunkhira chonchi."

"Ndiye kuti mphuno yanu yakalamba," anayankha abambo.

"Yakalamba, koma sinafe. Amene amatenga kiyi Lachiwiri lililonse kukavundula nsenga m'kathanki kaja ndi mtengwa wanuyu. Ndipo bokosi la yuzu lochokera kwa mayi ake tonse tinaliona likutsika m'galimoto mu Novembala. Pano mlongo wanu weniweni walemba ndi dzanja lake. Ine mukuti nditani?"

Apa m'pamene ndinamvetsa. Akuti ndinaponya makoko a yuzu m'thanki. Mukudziwa inu lamulo la nyumba ija: m'thanki mumalowa mphesa zokha. A boma atamva zina akhoza kulanda chiphaso, mudzi wonse n'kusowa kofinyira. N'chifukwa chake banja lopezeka litathiramo kanthu amaliletsa kubweretsa mphesa zaka zitatu. Akuti nkhaniyi ikambidwa pa msonkhano wa pa 15 Malichi. Kiyi ndabweza kale.

Abambo anangoyang'ana m'kapu mpaka mlendo anapita.

Musaganize kuti ndakukwiyirani. Ine kuno ndimakukonda. Masiku ano tikamatentha nthambi zodulira, utsi umakwera mowongoka pansi pa mathandala opanda masamba, chigwa chonse chikuoneka mpaka ku Kofu, ndipo ndimadziuza kuti ndinakwatiwa malo abwino. Ndikungofuna kudziwa mawu enieni amene munalemba, kuti ndidziwe chimene ndikuyankha.

Ine mwana wanu,
Sanae

Otaru, 22 Januwale 1997

Sanae mwana wanga,

Kalata yako ndaiwerenga nditaimirira, ndipo ndaimaliza nditakhala pansi. Pakamwa pangapa padzandiphetsa. Malemu amuna anga ankati ndinabadwa wopanda chitseko, ndipo lero ndavomera.

Mawu ake ndi awa. Pansi pa moni ndinawonjezera kuti, "Vinyo wa achimwene chaka chino wadzuka kutulo. Mtengwa wa ku Kochi uja yuzu wake wathira wokwanira bwino." Basi. Yaeko ndinakhala naye benchi limodzi kusukulu zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinkayesa amadziwa kuti Kinue akayamikira munthu amayamikira chokhota. Ndinaiwala kuti makadi a chaka chatsopano amawayala patebulo, ndipo mlendo aliyense amawerenga akudikira tiyi. Ndamulembera lero lomwe kuti zinali nthabwala za nkhalamba yopusa, koma madzi akatayika sawoleka. Ndikuchita manyazi kwambiri, ndipo ndikupepesa.

Tsono pakati pa iwe ndi ine. Ndaona kuti m'kalata yako yonse sunanene paliponse kuti sunathire. Ine sindine woweruza. Mtengwa aliyense amafuna kuti apongozi amuone. Ine chaka changa choyamba kuno ndinagula nsomba youma kumsika n'kunamiza apongozi anga kuti ndayanika ndekha. Ngati unaponyamo kakhoko kamodzi kapena kawiri, ndiuze, tipeze njira. Ndikhoza kubwera n'kukagwada nawe limodzi pamaso pa a Mochizuki. Munthu uja ndinamuonapo akulira chifukwa cha chule ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, sangandiopseze.

Koma ngati sunathire, fungo lija lachokera kuti? Ndipo achimwene angokhaliranji chete? Munthu amene amakangana ndi wailesi!

Undiyankhe msanga.

Azakhali ako,
Kinue

Katsunuma, 24 Febuluwale 1997

Azakhali okondedwa,

Pepani kuti mwezi wathunthu wadutsa. Makadi anu awiri ofunsa ngati ndili moyo afika. Ndili moyo, tonse tili bwino. Kalatayi ndaiyamba katatu.

Sindinathire kanthu. Sindinanene poyamba paja chifukwa funso lotsatira ndinkalidziwa, ndipo ndi lomwe mwafunsalo. Ndikuuzani, koma chonde zithere pa inu.

Mukudziwa kuti nyengo ya mvula mudzi wonse umapopera mankhwala abuluu aja masiku ofanana, kuti chuku chisalowe m'mphesa. Mukudziwanso kuti amene amalengeza masikuwo, n'kumazungulira kuona ngati masamba a aliyense asanduka abuluu, ndi abambo, zaka makumi atatu tsopano. Tsiku lina mu Juni anaiwala mpunga wawo wa masana, ndiye ndinawatsatira nawo. Pa sitepe ya makumi anayi, kuseri kwa nsungwi, ndinawapeza atakhala pansi, chopopera chili pambali chodzaza. Sanandione. Ankasisita mawondo awo n'kumayankhula nawo. "Agalu inu," ankatero, "mwandisiya pano?"

Ndinabwerera mwakachetechete. Mawa lake ndinakwera ndekha mpaka pamwamba. Masamba onse anali obiriwira, opanda ngakhale kadontho kabuluu. Chaka chonsecho sanafikeko. Ankanyamuka ndi chopopera, kukhala kuseri kwa nsungwi, n'kukathera mankhwalawo m'munda wa pakati. Palibe anaona, paja munda wa pamwamba wazunguliridwa ndi nkhalango.

Ndikanapopera ine, koma mankhwala amasakaniza okha ndipo kiyi wa shedi amayenda naye m'thumba. Kuwapempha kukanakhala kuwauza kuti ndawaona. Ndiye ndinachita zimene ndikanatha. Tsango lililonse ndinaliveka kachipewa kapepala kuti mvula isalikhudze, tizipewa 2,300. Ndinathothola masamba kuti mphepo idutse. Masiku atatu alionse ndinkakwera ndi kalumo kukachotsa mphesa zowola imodziimodzi, khosi lili chagada pansi pa thandala. Ngakhale zinali choncho, gawo limodzi mwa magawo atatu linawola. Kumapeto kwa Seputembala ndinaona kuti ndikadikira zithera pomwepo, ndiye ndinati wailesi yanena za namondwe, tithyole. Abambo anati, "Inenso ndamva." Wailesi sinanene chilichonse, azakhali.

Amadziwa kuti ndikudziwa. Sitinakambiranepo. Kungoti m'nyengo ya tizipewa ija, m'mawa uliwonse ndinkapeza mulu wa mapepala pakhonde, odulidwa kale, ong'ambidwa bwino pakati, mwala uli pamwamba.

Za fungolo sindikudziwa. Mwina ndi kuthyola msanga, mwina ndi kusowa kwa mankhwala aja, mwina zonse ziwiri. Tsiku lofinya ndinalimva likutuluka m'madzi oyamba, aja amatsika okha chofinyira chisanakanikize, ndipo ndinkayesa ndi mphuno yanga yolakalaka kwathu. Lachiwiri lililonse ndikavundula nsenga linkakula. Kunena zoona, masiku amenewo ndinali wosangalala kwambiri.

Ndikanena zonsezi pa msonkhano, afunsa kuti masamba sanapoperedwe bwanji. Abambo anaimikapo anthu pamaso pa gulu chifukwa chodumpha tsiku limodzi lokha. Komanso a Noboru ananena kale kuti tsiku limene abambo adzalephere kukwera, mipesa ya pamwamba idzadulidwa, ndipo makoma amiyala a munda umenewo anamanga ndi agogo. Choncho ndaganiza zongoweramitsa mutu n'kukhala chete. Zaka zitatu tizigulitsa mphesa zodya. Dzina langa kuno n'latsopano, lidzachapika. La abambo n'lakale.

Chonde, azakhali, musawauze kuti ndakuuzani.

Sanae

Otaru, 7 Malichi 1997

Achimwene,

Moni ndikupatsani chifukwa amayi anatiphunzitsa kutero, koma sindikufunsani ngati muli bwino. Ndikudziwa kuti simuli bwino, kuyambira m'mawondo mpaka m'mutu.

Mwana uja anandipempha kuti ndisanene. Ndadzigwira masiku khumi, zimene sindinachitepo chibadwire, ndipo lero ndalephera. Mumukalipire ine, osati iye.

Zaka 71, achimwene! Mwakhala patebulo miyezi iwiri, mwana wa eni akukupakulirani mpunga, mudzi wonse ukumutcha wonyenga, inu mukungoyang'ana m'kapu. Amati nkhuyu zodya mwana zimapota akulu. Kwanuko nkhuyu mwadya ndinu akulu, zikupota mwana. Mawondo kutha si mlandu. A bambo athu mawondo awo anatha ali ndi zaka 60, ndipo tinkawakweza pamwamba paja pa chitseko chakale, iwo akutukwana njira yonse. Kodi alipo anawanyoza? Mlandu ndi uwu mukuchitawu.

Inenso ndili ndi mbali yanga, sindikukana. Moto ndinayatsa ndine ndi khadi langa lopusa. Koma madzi ozimitsira ali m'manja mwanu, ndipo mwawakhalira.

Tamverani. Tikiti ya sitima ndagula kale, ndifika pa 14. Pa 15 ndikakhala kumbuyo kwenikweni m'chipinda chija. Mukapanda kuyankhula inu, ndiyankhula ine, ndipo mukudziwa kuti ine ndikayamba sindisankha mawu.

Ndimakukondani, n'chifukwa chake ndalemba chonchi.

Kinue

Katsunuma, 11 Malichi 1997

Kinue,

Kalata yako yafika Lolemba. Ndaiwerenga kawiri. Mawu onse ndi oona, kupatula akuti bambo tinkawanyamula pa chitseko. Linali thabwa lotsukirapo mbiya. Koma wachedwa, mlongo wanga. Msonkhano unachitika kale pa 6, iwe usanagwire n'komwe cholembera. Tikiti usabweze, bwera ndithu. Tili bwino tonse.

Ndikuuze mmene zinayendera, chifukwa ukamva kwa Yaeko ziwonjezeka.

Kumayambiriro kwa mwezi uno ndikudya m'mawa ndinati, "Tofu uyu masiku ano akukoma mosiyana. Asintha madzi kusitolo kuja?" Sanae anati ayi, akumagula kutsidya kwa mtsinje. Ndinati bwanji, mtunda wonse uja? Anati amakonda kuyenda. Ndinafunsa kuti wayamba liti. Anati mu Januwale. Kinue, miyezi iwiri mwanayu akuyenda ola lathunthu m'chisanu pothawa maso a amayi a pasitolo, ine ndikudya tofuyo tsiku ndi tsiku osafunsa. Ndinavala jekete, n'kupita kwa Mochizuki kukamuuza kuti aitane anthu sabata yomweyo.

Iwe sukudziwa, koma kwa zaka ziwiri pa misonkhano ndakhala ndikukhala pakhomo, miyendo ili panja, n'kumati nsapato zanga zili ndi matope. Tsiku limenelo ndinavula nsapato, kulowa, n'kugwada pamphasa pakati penipeni. Anthu analipo makumi awiri ndi atatu. Sanae anali kumbuyo ndi ketulo.

Mochizuki atayamba kuwerenga nkhani, ndinati, "Dikirani. Ndiyankhula nditaimirira."

Ndiye ndinayamba kuimirira. Dzanja pansi, bondo limodzi, kubwerera. Dzanja linanso. Mwana wa mlimi mnzathu Osada anafuna kundigwira, ndinamuuza kuti andisiye. M'chipinda monse munkangomveka mawondo anga. Nthawi imene ndinatenga, dzira likanapsa. Nditaima ndinati, "Mwaona nonse. Munthu ameneyu angakwere masitepe 143 ndi chopopera kumsana?"

Kenako ndinanena zonse. Nsungwi, masamba obiriwira, tizipewa, namondwe wabodza. Ndinati m'thanki muja mulibe yuzu, muli miyendo ya mwana uyu, ndipo ine ndamusiya anyozedwe miyezi iwiri pofuna kusunga nkhope yanga.

Woyamba kuyankhula anali Osada wamkulu. Ukumukumbuka, wa makutu uja.

"Tadikirani kaye," anatero. "Inuyo a Tokuji? Inu amene munandiimika pompano mu 1979 chifukwa chodumpha Lachitatu limodzi, mkazi wanga ali kuchipatala kukachira?"

"Ine ndemwe."

"Chaka chathunthu osapopera?"

"Chathunthu."

"Ambuye anga! Ndakhala ndikudikira tsikuli zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndiye mwandipatsa ndilibe mano osekera."

Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Inenso ndinaseka, ngakhale m'maso munali mutanyowa. Mochizuki yekha sanaseke. Anadzuka, kupita kumbuyo kumene kunali Sanae, kugwada, n'kugunditsa mphumi pamphasa. Anakhalitsa chomwecho. Mwana uja anasowa poika ketulo. Mawa lake Yaeko anabwera ndi mphika wa msuzi wa maungu wokwanira anthu khumi, ndipo tikuudyabe.

Chilango changa n'chakuti ntchito yolengeza masiku opopera ndaisiya. Aipereka kwa Osada, ndipo akuti poyendera minda azidzayambira kwa ine. Za fungo anakangana mpaka tiyi kuzizira. Ena akuti ndi kuthyola msanga, ena akuti mankhwala abuluu ndi amene akhala akutibera fungoli zaka zonsezi. Ine mawu amenewo sanandikomere, paja ndawapopetsa anthu moyo wanga wonse. Agwirizana kuti kutsutsa galu n'kukumba: munda wa pamwamba ukhale chaka chinanso wosapopera, poti uli pawokha m'nkhalango. Noboru ndamuimbira ndekha. Anayamba za kudula mipesa, Sanae n'kutenga foni. Sindikudziwa anamuuza chiyani, ndinatuluka. Mipesa sikudulidwa.

Titatha zonse tinapita ku kathanki kaja. Mochizuki anatunga n'kuthira m'makapu a tiyi. Iwe unalawa wa mu Disembala, uja anali mwana. Nsenga zamupatsa thupi. Fungo lija lilipobe, koma lakhala pansi, ndipo kuwawasa kwafewa, kumapeto kukubwera kamchere kokuitanira chakudya. Ndakhala ndikulima mphesa zimenezi zaka makumi asanu ndi zisanu, ndipo sindinkadziwa kuti zili ndi mawu otere. Ndinanyadira, Kinue, ngakhale kuti mbali yanga pa vinyoyu inali kukhala kuseri kwa nsungwi.

Mwambo ukuudziwa: tsiku lochotsa vinyo pa nsenga amanena ndi mwini mphesa. Mochizuki anatembenukira kwa ine. "A Tokuji, tichotse lero, kapena agonebe?"

Ndinati, "Mukufunsa ine? Funsani mwini wake."

Anthu onse anacheuka. Sanae anafiira mpaka m'makutu. Ananunkhiza, kulawa, n'kulawanso. Kenako anati, "Agone masiku ena khumi."

Ine ndikanachotsa tsiku lomwelo. Sanandifunse, ndipo sindinanene. Tikudikira.

Mlongo wako,
Tokuji